Ndowa Zinayi za Makoko a Zipolopolo

Lolemba, 22 Juni

Ndayipeza njira! Pofika Lamulungu mayi a Tadala adzandipepesa atagwada. Chabwino, osagwada, bondo lawo lija limavuta. Koma adzapepesa.

Nkhani ili chonchi. Dzulo titachoka kutchalitchi kunali msonkhano wa bajeti pa tebulo la kukhitchini. Wapampando ndi iwo, mlembi ndi iwo, msungichuma ndi iwo, ine ndimangobwera kudzavomereza. Anatulutsa malisiti anga a zipolopolo a chaka chonse, omangidwa bwinobwino ndi labala. Sindinkadziwa kuti amasunga.

"Bambo a Tadala, poyamba paja munkati bokosi ndi madola 7. Pano ndi 13. Mabokosi atatu Loweruka lililonse, kungokaboola pepala. Pepalalo linakulakwirani chiyani?"

Chigamulo: ndalama ya umembala ku kalabu yathu yowombera chandamale kuno ku Perth ikufunika pa 30 Juni. Pofika Lamulungu ndiwaonetse kuti mtengo wa zipolopolo nditha kuwutsitsa ndi theka. Ndikalephera, umembala sitilipira. Popanda umembala palibe layisensi, popanda layisensi mfuti igulitsidwa. Tinagwirana chanza.

Iwo sakudziwa za ndowa.

Ndowa zinayi, kuseri kwa firiji yakufa m'garaja, zodzaza ndi makoko a zipolopolo. Zaka zitatu ndikutola! Anthu a ku kalabu akawombera, khoko lagwa pansi, aliponda, apita kukamwa tiyi. Mkuwa weniweni, kuuponda! Bambo anga anali mlonda wa nyama ku Kasungu. Akapatsidwa zipolopolo khumi n'kubwerera ndi zisanu ndi ziwiri, ankayenera kupereka makoko atatu kwa abwana, ndipo likasowa limodzi panyumba sipankasekedwa sabata yonse. Ndinakula ndikudziwa kuti khoko si chinyalala.

Ndiye Loweruka lililonse ndimatsalira ndi tsache, n'kusesera zonse m'thumba mwanga. A ku kalabu amangoti ndine waukhondo. "Good on ya, mate!" Cholinga sindinauzepo munthu. Kwathu zinthu zabwino sitilengeza zisanapse. Ukaulula, sabata yamawa aliyense abwera ndi ndowa yake.

Makokowa ndiwadzazanso ndekha. Anthu amachita, ndaonera mavidiyo asanu ndi limodzi. Ndilinso ndi kope la a Ron, mdala wa zaka 78 amene amawombera pafupi ndi ine. Anandibwereka mwezi watha kuti ndione mmene ankadzazira zawo. Mitengo yonse ilimo, yolembedwa ndi pensulo. Masamu ndachita pa buleki kuntchito: si theka ayi, ndikutsitsa kupitirira pamenepo!

Zofunika:
pulesi, makina ofinyira aja
wonga
mapulaima, timabatani toyatsa wonga
mitu ya mtovu
makoko: NDILI NAWO KALE!

Lachiwiri, 23 Juni

Pulesi yapezeka! Pa intaneti, yogwirapo kale ntchito, kwa bambo wina wa ku Kenwick, pafupi pomwepa. Madola 260. Ndatapa pa ndalama ya matayala a galimoto. Matayalawo akadali ndi mizere ukawayang'ana chopendekera.

Shifiti ya m'mawa ku nyumba ya okalamba ku Nedlands. Belu la chipinda 4, belu la chipinda 9, chipinda 4 kachiwiri, akuti tiyi wazizira. Ine kumangomwetulira. Mnzanga wina wa kuntchito, wa ku Chipata, wafunsa, "Boyi, wawina lotto olo bwanji?" Ndangoti zinthu zikuyenda.

Ndilembe pano, popeza kwina sindinena. Sabata yonse ndimanyamula anthu, kusambitsa, kupukuta, kuyankha mabelu. Dzina langa anasiya kale kuyesa kulitchula, ndine "love" basi. Koma Loweruka ndikagona pamphasa, diso pa chandamale, palibe wondiitana. Ndimamva mtima wanga ukugunda, ndimadikira, ndimakoka. Ndipo ndimatha! A Ron amayang'ana pepala langa n'kupukusa mutu. Malo amenewo ndimawakonda kwambiri, ndipo kuwataya ndikuopa.

Bambo wa ku Kenwick ndi wandevu, garaja yake yonunkha oyilo. Pulesi ndi yolemera ngati chitsulo cha pampu ya mjigo. Ndamufunsa chifukwa chake akugulitsa. Akuti, "Mkazi wanga anachita masamu." Taseka tonse. Ine ndaseka kwambiri, chifukwa masamu anga ndi osiyana.

Kenako wafunsa kuti ndidzaza zipolopolo za mtundu wanji. Aha! Wayamba kufufuza. Ndayankha kuti zosiyanasiyana. Wandiyang'ana pang'ono, watenga ndalama.

Pulesi ndaimanga pa tebulo lakale la kusukulu la Tadala. Mwini wake ali ku yunivesite ku Crawley, amabwera kudzachapa zovala basi, sadandaula. Ndakoka chogwirira maulendo makumi awiri, popanda kanthu mkati, kungomva kulira kwake. Fakitale, amwene. Fakitale kwathu kuno ku Maddington!

Lachitatu, 24 Juni

Tsiku lochapa makoko. Sindikupita kuntchito, mayi a Tadala ali pa shifiti kuchipatala mpaka 3 koloko. Nyumba ndi yanga.

M'mavidiyo amagwiritsa ntchito makina ozungulira. Za anthu aulesi. Ine:
poto wamkulu, wophikira mpunga wa misonkhano ya amayi
sopo wa mbale
mandimu asanu ndi atatu a mumtengo wa aneba, ogwera mbali yathu
mthiko

Madzi akuda bii! Kutsuka kanayi. Koma akatuluka, kuwala kwake! Ndaima ndikungowayang'ana, manja akununkha chitsulo.

Ndawayanika pa shiti kuseri kwa nyumba, monga amayanikira mphale. Theka la ola, mvula. Juni wa ku Perth sakambirana ndi munthu. Ndakoka shiti, yang'ambika pakati, makoko mbwee mu kapinga. Ndakwawa pamvula mpaka mawondo kuchita dzanzi. Khwangwala ali pa mpanda, akulira kulira kwawo kuja kokhala ngati munthu wakhumudwa nawe.

Nzeru ina: uvuni. Moto wochepa, pa thireyi ya masikono. Mtanda woyamba wauma bwino zedi. Wachiwiri uli mkati pamene chitseko chikutseguka. Kodi 3 koloko yakwana kale?

Mayi a Tadala atsegula uvuni, atseka. Ayang'ana poto, ayang'ana mthiko. Sanakuwe ayi, bola akanakuwa. Alankhula ndi mawu a ku wodi aja.

"Mtovu, bambo. Lead. Ine ndine nesi, inu mumasamalira odwala, ndiye mukuphika mtovu mu uvuni wa banja? Poto ameneyu, thireyi imeneyi, mthiko umenewu, sizilowanso m'khitchini muno. Mugula zina. Ndipo uvuniwo muupukuta mpaka ndidzione nkhope."

Za ndowa tsopano adziwa. Afunsa funso limodzi lokha: "A Ron aja mwawafunsa?" Ndati sipakufunika.

Zowonjezera pa bajeti: poto, thireyi, mthiko, shiti. N'zochepa. Fakitale iliyonse imayamba ndi ngozi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima!

Lachinayi, 25 Juni

Kuimba mafoni kumasitolo a mfuti pa buleki ya nkhomaliro, nditabisala m'galimoto.

Sitolo yoyamba: mapulaima atha, sakudziwa adzabwera liti. Yachiwiri: alipo ochepa, mtengo wake ndapempha abwereze. Abwereza. Ndafunsa ngati ndi wa katoni yonse. Akuti ayi, kabokosi kamodzi. Wonga nawonso chimodzimodzi, wakwera ngati feteleza.

Ndatsegula kope la a Ron kuti ndiwatsutse. Mapulaima chikwi, madola 28, zalembedwa poyera! Ndatembenuza chikuto kuti ndione ngati pali dzina la sitolo. Palibe dzina la sitolo. Pali chaka: 1994.

1994! Ine ndili Sitandade 6, nsapato ndilibe. Ndachita bajeti ya banja ndi mitengo ya nthawi imene minibasi ya ku Area 25 tinkakwera ndi makobidi. Mtengo wa lero ndi kasanu, mwinanso kupitirira. Ndipo mnyamata wa pafoni wawerenga zina zimene m'kope mulibe, chifukwa a Ron anali nazo kale: sikelo ya wonga, zitsulo zolowetsa mu pulesi, buku la miyezo, kabati yokhoma yosungira wonga.

Ndatseka kope. Belu la chipinda 4 ndikulimva ngakhale ndili m'galimoto.

Koma taimani! Masamu atsopano, kuseri kwa pepala la ndandanda ya shifiti. Ngati makoko ndi aulere, ndipo ndi aulere, ndiye ndalama zonse zibwerera pakatha zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikamawombera kwambiri, zaka zinayi. Ndiye kuti ndikamawombera kwambiri ndipamene ndikupulumutsa kwambiri! Mfundo imeneyi mayi a Tadala ndiwafotokozera pang'onopang'ono, atadya. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Madzulo ndayesa kuika khoko limodzi mu pulesi. Lagwera pansi, ndi laling'ono kwambiri. Pakufunika chogwirira khoko chaching'ono, basi. Ndaonanso kuti makoko a m'mavidiyo ali ndi kabowo pakati kumatako, kolowetsamo pulaima. Anga alibe, kumatako kuli see. Mwina timaboola tokha. Dirilo ndili nayo.

Mawa ku sitolo. Ndavala kale m'maganizo: jekete yakuda ija, ya munthu wodziwa zinthu.

Lachisanu, 26 Juni

Ndaweruka 2 koloko, molunjika ku sitolo. Jekete yakuda. Layisensi m'thumba. Mndandanda m'manja. Makoko khumi owala bwino mu kabotolo ka mankhwala a mutu, ngati chitsanzo.

Kuseri kwa kauntala kuli mayi wachikulire wa magalasi a chingwe. Ndawerenga mndandanda wanga mokweza, kuti ndi ena amve. Iye walemba, wagwedeza mutu, wapempha layisensi. Waiwerenga. Wafunsa ngati ndili ndi mfuti ina kupatula ya .22 yalembedwapoyi. Ndati ayi, ndi yomweyo, ndipo ndathira makoko anga pa kauntala, ngwee ngwee ngwee.

Watola limodzi, walitembenuza. Wavula magalasi.

"Oh, darl."

Ndikawamva mawu amenewa kuntchito ndiye kuti wina wagwa m'bafa.

Wandifotokozera mofatsa, ngati mwana. Zipolopolo za .22 zanga zija sizidzazidwanso. Zilibe pulaima wochotsa n'kuikamo wina. Mankhwala oyatsa amaikidwa kufakitale m'mphepete mwa khoko lenilenilo, ndipo likangomenyedwa kamodzi, latha. Zimene ndinkaonera m'mavidiyo ndi za mfuti zikuluzikulu, ngati imene a Ron anali nayo kale. Pulesi yanga ndi yabwino ndithu, akutero, koma ku mfuti yanga ndi chimodzimodzi kugula chishalo ulibe bulu. Chishalocho ndawonjezera ine, iye anangoti ilibe ntchito.

Wafunsa kuti ndili nawo angati. Ndati ndowa zinayi. Bambo wina amene ankayang'ana nsapato za kutchire watembenukira kukhoma, mapewa akugwedera.

Za dirilo sindinatchule. Mulungu anandigwira pakamwa.

Ndakhala m'galimoto mphindi makumi awiri, injini osaliza. Zaka zitatu! Tsache, thumba, msana kuwawa, mandimu a aneba. Funso limodzi kwa a Ron, limodzi lokha, pa tiyi, likanatha zonsezi chaka choyamba chomwe. Koma ayi, ndinkaopa kuti andibera nzeru.

Kunyumba ndanena zonse nditaima pakhomo, jekete osavula. Mayi a Tadala akusenda anyezi, osatembenuka.

"Safunsa anadya phula."

Kenako mapewa awonso ayamba kugwedera. Akuti ndi anyezi.

Koma mayi wa kusitolo uja ananena chinthu china ndikutuluka: ogula zitsulo zakutha amagula mkuwa pa kilo. Pa kilo! Ndipo kuno ku Maddington ali mbali zonse! Sizinathe. Sizinathe ayi!

Loweruka, 27 Juni

7 koloko ndili kale pa geti la ogula zitsulo, ndowa zinayi kumbuyo, galimoto itakhala pansi. Kuzizira koopsa. Mwamuna wa vesiti yachikasu wavundula ndi dzanja, wapititsa maginito, waika pa sikelo. Makilo 31. Madola 170!

Ndaimba nyimbo ya kwaya njira yonse. Madola 170 ndi mabokosi khumi ndi atatu! Ndipo ngati ndikusesa chaka chilichonse, ndiye kuti chaka chilichonse pali mabokosi anayi aulere. Si theka ayi, koma ndi poyambira kukambirana. Bambo ankanena zoona, khoko si chinyalala!

Ku kalabu. Ndawabwezera a Ron kope lawo, ndipo popeza chinsinsi chafa kale, ndawauza zonse. Pulesi, uvuni, khwangwala, "oh, darl." Aseka mpaka kutsokomola, ndachita kuwamenya pamsana monga ndimachitira kuntchito.

Atapuma akuti: "Ndadzaza zipolopolo zaka makumi anayi, sindinapulumutsepo ngakhale senti. Zikatsika mtengo umangowombera zambiri. Kope lija ndinakubwereka kuti ulire nane, osati upangire bajeti." Akuti nthawi yawo bokosi la .22 ankagula ndi ndalama yotsala pogula buledi, ku sitolo ya hadiweya, ndipo bambo awo ankadandaulabe kuti zadula.

Ndiye ndawauza nkhani yabwino, ya madola 170.

Asiya kuseka. Akanda chibwano. Akuti makoko aja, kalekale, kalabu inkawasonkhanitsa mu diramu la kuseri, n'kumakagulitsa kwa a zitsulo omwewo. Ndalama yake ndi imene inkagula tiyi, mkaka ndi mabisiketi. Zaka zitatu zapitazi diramu silikudzaza. Komiti inakambiranapo kawiri. Ena ankati anthu achepetsa kuwombera chifukwa cha mitengo.

"N'chifukwa chake mabisiketi a chokoleti anasiya kuoneka, mate. Tinabwerera ku opanda kanthu aja."

Ine ndinali m'gulu la odandaula za mabisiketiwo. Ndinalembapo ngakhale m'buku la madandaulo.

Manyazi ake sindinawamvepo chibwerere kuno. A Ron akuti ndisadandaule, palibe anandiuza, iwonso sanafunse kuti thumba limapita kuti. Koma ine mwana wa mlonda wa nyama, kudya ndalama ya tiyi wa nkhalamba? Ndapita kwa msungichuma, ndapereka yonse 170. Wandiyang'ana ngati ndagwa kumwamba. Pofika nthawi ya tiyi nkhani yafika kwa aliyense, ndipo wina wamata pepala pa diramu, walembapo dzina langa. Kalembedwe kake n'kolondola, chilembo chilichonse. Kodi ankalidziwa nthawi yonseyi?

Kuwombera ndawombera pang'ono. Bokosi limodzi lokha, ndipo osalimaliza. Ndasesa, ndathira mu diramu, anthu aombera m'manja.

Lamulungu, 28 Juni

Mvula kuyambira m'mawa. Ulaliki sindinaumve.

Msonkhano wa bajeti, tebulo lomwe lija. Lipoti langa:
mtengo wa bokosi: 13, monga Lolemba
pulesi: ilipo, ndaiika pa intaneti, wafunsa ndi mmodzi, akufuna kusinthana ndi njinga ya mwana
matayala: osagula
poto, thireyi, mthiko, shiti: osagula
makoko: palibe

Ndinakonza mawu opempha chaka china chimodzi. Ndinawayeserera m'bafa. Koma mayi a Tadala atsegula tsamba la matayala, kenako la lendi imene yakweranso mwezi uno, n'kungotembenuzira kope lawo la bajeti kwa ine. Ndawerenga, pempho langa ndalisiya. Manambalawo si iwo anawapanga.

"Ndinkafuna muwine, bambo a Tadala. Mukabwera kuchokera kumeneko mumakhala munthu wina, mumaimba m'bafa. Mukuganiza sindiona?"

Zimenezi zandipweteka kuposa zonse za sabata ino. Akanandinyoza ndikanapeza poyankhira.

Chanza tinagwirana, ndiye basi. Umembala utha Lachiwiri. Mawa ndikaweruka ndikasiya mfuti kwa mayi wa magalasi uja kuti andigulitsire. Masana ndaitulutsa m'kabati, ndaipukuta bwinobwino, ndathira mafuta, ngakhale ndinaipukuta kale dzulo. M'bokosi mwatsala zipolopolo 19, zogula pa mtengo wa chaka chino. Ndikanadziwa ndikanazimaliza dzulo. Nazonso zipita.

A Ron atumiza uthenga. Akuti tiyi safuna layisensi, ndizipitabe, mabisiketi a chokoleti abwerera. Sindinawayankhe. Kukhala pa benchi n'kumamvera anzako akuwombera, sindikudziwa ngati ndingathe. Mwina mwezi wa mawa.

Kuntchito akusowa munthu Loweruka likubwerali, 6 koloko mpaka 2. Ndalembetsa. Shifiti ya Loweruka imalipira bwino.